Mavu a Kuseri kwa Telala

A Sajeni sanapite kwa Telala kukagwira ntchito. Linali tsiku lawo lopuma, ndipo ankangokatenga siketi ya yunifolomu imene anaisiya kuti aikulitse m'chiuno. Moyo unkawakomera masiku amenewo. Ana anali atakula, bondo linali litasiya kuvuta, ndipo kupolisi milandu yambiri inali ya njinga ndi ndewu za kumowa. Siketi yokha ndiyo inkadandaula.

Atangokhota pangodya ya msewu anaona anthu ali unjiunji pakhomo pa shopu, ndipo anadziwiratu kuti kupuma kwathera pomwepo.

"Patukani, patukani! Boma lafika lokha osaliitana!" anakuwa Wometa, amene ankameta anthu pakhonde loyandikana ndi shopuyo.

M'katimo Telala anali atakhala pampando wa makasitomala, tepi yoyezera ili m'khosi, manja ali m'masaya. Tebulo la makina osokera linali pamalo pake, chopondera chilipo, lamba ali lende. Koma pamene pamakhala mutu wa makinawo panali chibowo chokhachokha.

"Anali a malemu amayi," anatero Telala osadzutsa nkhope. "Tonsefe takulira makina amenewa."

"Pepani amayi. Tandiuzani kuyambira pachiyambi, osathamanga."

"Ndinatuluka masana kukagula mazipi, n'kukhoma chitseko ngati masiku onse. Pobwera ndapeza loko ali bwinobwino, koma makina palibe."

A Sajeni anawerama n'kuyang'anitsitsa tebulolo. Lamba sanadulidwe, wina anachita kumuvula bwinobwino pagudumu. Timabawuti tomangira mutuwo tinali titaikidwa m'chivundikiro cha chitini cha mabatani. Pawindo foni ya Telala inali pachaja, ndipo pambali pake panali ayironi yatsopano.

"Wakuba waulemu," anatero a Sajeni. "Wasiya foni, wasiya ayironi, wakusungiraninso mabawuti. Nanga nsalu imene mumavundikira makina ija?"

"Nayonso yapita."

"Ndiye kuti amaopa kuti angalowe fumbi. M'mawa uno munalowa ndani muno?"

"Amayi awiri odzayezetsa madiresi. Komanso alamu anga amagetsi, amuna a mng'ono wanga. Anabwera kudzakonza soketi iyo, inkathetheka."

A Sajeni anayenda pang'onopang'ono kulowera kumapeto kwa shopu, maso ali pansi. Pafupi ndi chitseko chakuseri anaona kadontho kakuda pasimenti. Anakakhudza ndi chala n'kununkhiza.

"Makinawo munawathira oyilo?"

"Lero lomwe. Ndi okalamba, ukangowapendeketsa amadontha ngati mphuno ya mwana. Koma uko musavutike nako, a Sajeni. Chitseko chimenecho sitinatsegulepo chibwerereni mavu."

A Sajeni anachikankha ndi chala chimodzi. Chinatseguka.

Kunjako kunali kampata kopapatiza, kodzaza ndi mbewu za m'matayala ndi m'zidebe. Pamwamba pa maluwa achikasu ndi oyera panali tizilombo tambirimbiri tamizere yakuda ndi yachikasu, tikulira ng'wiii. Kamodzi kanabwera n'kudzaima m'malere moyang'anizana ndi mphuno yawo. A Sajeni anatseka chitseko msanga kuposa mmene anachitsegulira. Mfuti ndi zikwanje anaziona pantchito osaphethira, koma ali mtsikana mavu anawalumapo pachikope, ndipo thupi silinaiwale.

Atapezanso mpweya anafunsa, "Kiyi wakutsogolo ali ndi ndani wina?"

Telala anayamba kupotokola tepi ija. Yankho linachokera pakhomo, kwa Wometa.

"Ali ndi mchimwene wawo. Uja watuluka kundende posachedwa uja."

* * *

Wometa anali atasiya kasitomala ali ndi tsitsi mbali imodzi yokha, ndipo sankaoneka kuti abwererako msanga.

"Ine, a Sajeni, maso anga amakhala pamutu pa kasitomala, koma galasi langa limayang'ana msewu wonse. Palibe chimandidutsa. Mayiwa atangotuluka, kwafika mchimwene wawoyo, Chimphona, ndi wilibala yake. Watsegula ndi kiyi, walowa, watuluka ndi thumba, phi pawilibala, wakhoma, ulendo. Sindikunena munthu ine, munthu amasintha, tonse ndife ochimwa. Koma thumba ndinaliona."

"Linali lolemera?"

"Analinyamula ndi dzanja limodzi. Koma Chimphona ndi Chimphona, firiji amainyamula ngati mtolo wa zovala."

"Nanga kampata ka kuseriko kamatulukira kuti?"

"Pompano, pambali pa mpando wangawu. Kumapeto kwake kuli khoma lalitali, ndi kachitseko kam'mbali ka nyumba ya Aphunzitsi, eni ake a mbewuzo. Aphunzitsiwo anapita kuchipatala m'mawa, abwera kumene. Ndiye wolowa m'kampatamo kapena wotuluka ayenera kundiponda phazi ine kaye."

"Lero walowamo ndani?"

"Alowemo ndani? Anthu akufuna moyo! Koma dikirani, alamu ake a mayiwa, Amagetsi. Chimphona atachoka, iwo anabweranso, akuti akaone waya wa kuseriko. Ndinawauza ine kuti bwana, musapute mavu a nkhomola. Sanamve. Patapita kanthawi ndingomva mayooo! Atulukira ali liwiro, atagwira dzanja. Awaluma! Ndinaseka mpaka ndinatsala pang'ono kudula khutu la munthu."

"Potuluka ananyamula chiyani?"

"Dzanja lawo lomwelo. Analowa chimanjamanja, anatuluka chimanjamanja."

"Achimwene, mutu wangawu," anadandaula kasitomala uja.

"Tsitsi silithawa, bwana. Apa pali nkhani ya boma."

A Sajeni anayang'ana pakamwa pa kampatako. Dontho la oyilo linkati makina anatulukira kuseri. Galasi la Wometa linkati kuseriko sikunatuluke kanthu. Chimodzi mwa ziwirizi chinkanama, kapena zonse zinkanena zoona, ndipo zimenezo ndiye zinali zovuta kwambiri.

* * *

A Sajeni anamupeza Chimphona patsidya pa msewu, atakhala pawilibala yake padzuwa, payekha. Anali munthu wamkulu thupi, wa mapewa ngati chitseko, koma anali atadzipinda kuti achepe. Pambali pake panali kajumbo. A Sajeni anasuzumiramo ndipo anaona juzi, sopo ndi mswachi. Atayang'ana kumapazi anaona kuti nsapato zilibe zingwe. Lamba wa buluku nayenso anali atavula kale n'kumukulunga m'jumbomo.

"Zingwezo mwachotseranji?"

"Kumeneko amalanda."

"Ndani wakuuzani kuti mukupita kumeneko?"

Chimphona anangoyang'ana gulu la anthu lija. Onse ankamuyang'ana, koma aliyense akakumana naye maso ankayamba kuona kwina.

"M'thumba munali chiyani?"

"Zinyalala. Tinsalu."

"Munakataya kuti?"

"Kudzala. Anayatsa kale moto."

"Anakuonani ndani?"

"Agalu."

"Mutalowa m'shopu makina analipo?"

"Analipo. Ovundikira."

"Chitseko chakuseri munachiyang'ana?"

"Ayi."

A Sajeni anamupempha kuti aimirire. Anayendetsa chala m'wilibalamo, m'makona monse. Munali fumbi la simenti ndi tiulusi tamitundumitundu. Oyilo munalibe ngakhale fungo lake, chonsecho msewu wopita kudzala unali wa mabampu okhaokha.

"Bwezerani zingwe m'nsapatozo, achimwene."

"Ndibwezera mukanena kuti zatha."

"Achemwali anu akuti mwaba ndinu?"

"Sananene kuti ndine." Chimphona anayang'ana nsapato zake. "Sananenenso kuti si ine."

* * *

Wamagetsi anali m'mbuyo mwa gulu, atatsamira khoma. Anali bambo waukhondo, wa shati yopisira ndi tesita ya magetsi m'thumba la pachifuwa, wodziwika mumsewu wonse kuti sakana munthu akamuitana. Chala chachikulu cha dzanja lamanja anali atachikulunga ndi mpango, n'kumanga ndi tepi yakuda ya mawaya.

"Zachisoni, a Sajeni, zachisoni kwambiri. Makina amenewo ndi mtima wa banja lathu. Mayi a kunyumba ndawaimbira kale, akubwera kuchokera kuntchito."

"Ndamva kuti mwakumana nazo."

"Aa, musanene. Ndinati ndione ngati vuto la soketi likuchokera ku waya wakunja. Ndisanafike n'komwe, chinthu chili tswee pachala. Ndinaona nyenyezi masana."

"Pepani. Ine mavu ndimawadziwa. Akaluma chala, pofika madzulo mkono wonse umakhala ngati mtsamiro. Inu wotchi ikukukwananibe bwinobwino."

"Magazi anga ndi olimba," anaseka Wamagetsi. "Munthu wogwidwagwidwa ndi magetsi."

"Chisa chawo chili pati?"

"Ndani angaime n'kumafufuza chisa? Koma ndikupempheni, amayi, musalowemo. Muuzenso anthuwa. Ndi aukali zedi. Dikirani mawa ndibweretse mankhwala opopera."

"Muli kuseriko simunaone chachilendo? Chitseko cha shopu chinali chotseka?"

"Sindinafike kumeneko. Monga ndanena, musalowemo."

"Nanga alamu anu aja akhala apowa, mukuwaganizira?"

Wamagetsi anayamba kukonzakonza tepi ya pachala. "Ine sindinganene kanthu," anatero, ndipo kumene kunali Chimphona sanayang'aneko.

A Sajeni anamuthokoza. Pantchito yawo anali ataphunzira kuti munthu akakuchenjeza kamodzi amakukonda, koma akabwereza pamakhala china. Anazungulira n'kukagogoda pakhomo lakutsogolo la Aphunzitsi.

* * *

Aphunzitsi anali atapuma ntchito kalekale, koma ankavalabe tayi ngakhale ali m'nyumba. Sanalole kufunsidwa kanthu tiyi asanathiridwe. Anakhazika a Sajeni m'khitchini, pafupi ndi windo loyang'ana m'kampata muja.

"Kachitseko kanu kam'mbalika kanali kokhoma masana?"

"Kokhoma, ndipo kiyi anali m'thumba mwanga pamzere wa kuchipatala. M'nyumba muno simunadutse munthu, Mayi Sajeni."

"Mbewuzi mumathirira nokha?"

"M'mawa ndi madzulo."

"Mavu osakulumani?"

Aphunzitsi anatsokomola n'kuyamba kutakasa tiyi amene anali atatakasa kale. "Tinazolowerana."

"Bambo, patsidya apo pali munthu wachotsa kale zingwe za nsapato, akudikira kuti ndimutenge. Ngati pali chimene mukudziwa, ino ndiyo nthawi yake."

Mkuluyo anayang'ana kudenga kwa kanthawi. Kenaka anadzuka, n'kukatseka chitseko cha khitchini, ngakhale m'nyumbamo munalibe wina.

"Zimene ndikuuzenizi zithere muno. Sunthirani kuno. Funso loyamba: munawaonapo mavu ataima chilili m'malere, osapita kutsogolo kapena kumbuyo, ngati awapachika pa ulusi?"

A Sajeni anayang'ana kudzera pagalasi. Pamwamba pa kaloti amene anasiyidwa kuti achite maluwa, tizilombo tija tinkaima nji pamalo amodzi, kenaka zyoli, n'kukaimanso pena.

"Sindinakhalepo ndi nthawi yowayang'anitsitsa. Ndimakhala ndikuthawa."

"N'chimene amadalira. Funso lachiwiri: chisa chili kuti? Yang'anani pansi pa denga ponsepo. Palibe."

Anatsegula windo. A Sajeni anakankhira mpando kumbuyo. Aphunzitsi anatulutsa dzanja, n'kudikira mofatsa ngati mphaka, kenaka anafumbata kamodzi kamene kanatera paduwa la mpiru. Anakagwira bwinobwino pakati pa zala n'kukabweretsa pafupi.

"Musathawe, mayeso sanathe. Onani maso, adzaza mutu wonse ngati a ntchentche ya pazinyalala. Onani tinyanga, n'tatifupi, pamene ta mavu n'tatitali. Mapiko ndi awiri okha, mavu ali ndi anayi. Ndiye chiuno. Cha mavu chimachita ngati chiduka, koma aka n'kamimba ngati ine."

"Mukuti chimenechi n'chiyani?"

"Ntchentche, Mayi Sajeni. Ntchentche ya m'maluwa yovala yunifolomu ya eni ake."

"Kwathu kupolisi umenewo ndi mlandu waukulu."

"Kwa iyo ndi moyo. Mbalame ikalumidwa kamodzi ndi mavu enieni, chilichonse cha mizere yotere imachilambalala. Tambasulani dzanja."

A Sajeni anatambasula. Kachilomboko kanalira mokweza, kanapinda kumatako n'kumakanikiza pakhungu lawo, kamodzi, kawiri. Iwo anatsinzina kudikira moto. Sikunabwere kanthu. Kankangowagirigisha.

"Kakunamizira kuluma," anatero Aphunzitsi monyadira, ngati kuti ndi mwana wa m'kalasi mwawo. "Mbola kalibe. Kamangomwa timadzi ta m'maluwa, ndipo mphutsi zake zimandidyera nsabwe za pakabichi. Chibwerereni sindinagulepo mankhwala."

Anakamasula, ndipo kanaima kaye m'malere pakati pawo kasanatuluke pawindo. A Sajeni anaseka mpaka misozi, akuyang'ana dzanja lawo.

"Nanga bwanji osawauza anthu?"

"Mayi, amuna a mumsewu uno anasandutsa kampata kanga chimbudzi. Ndinapempha, sizinathandize. Ndinalemba chikwangwani, anakodzera chikwangwanicho. Tomato wanga ankapsera m'matumba mwa anthu. Kenaka Wometa anaona tizilomboti n'kulengeza kuti kwabwera mavu. Ine sindinaname ayi. Ndinangokhala chete, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndimagona tulo tabwino."

"Ndiye kuti munthu sangalumidwe m'kampatamu?"

"Pokhapokha atadziluma yekha."

A Sajeni anaika kapu pansi. "Chinsinsi chimenechi akuchidziwa ndani wina?"

"Mmodzi yekha. Mwezi watha waya wanga anaduka pamwamba apo, ndipo mmisiri anakana kukwera makwerero. Ndinachita kumugwiritsa kamodzi m'dzanja, monga ndachitira ndi inumu, n'kumulumbiritsa kuti asauze munthu."

"Mmisiri wake uti?"

"Mumsewu uno wamagetsi alipo mmodzi."

A Sajeni anaimirira n'kukonza bulauzi. "Ndibwerekeni kiyi wa kachitseko kam'mbali."

* * *

M'shopu muja munali mutadzaza. Mng'ono wake wa Telala anali atafika, akadali mu yunifolomu ya kusitolo kumene ankagwira ntchito, ndipo anakhala pafupi ndi mkulu wake, maso ali ofiira. Wamagetsi anaima pambuyo pawo. Wometa anali pakhomo, lumo lili m'manja.

Kunamveka kugogoda. Onse anayang'ana kutsogolo, koma kugogodako kunkachokera ku chitseko chakuseri.

Telala anatsegula mwamantha. Panja panali a Sajeni, tizilombo tija tili ng'wiii kuzungulira mutu wawo, kamodzi katatera pakolala. Kumbuyo kwawo kunali Aphunzitsi, nkhope ili ngati ya munthu woperekeza maliro.

"Mayi wathu watha!" anakuwa Wometa. "Tengani madzi!"

"Itanani Chimphona," anatero a Sajeni.

Chimphona analowa akukhwekhwereza nsapato, kajumbo kali m'manja.

"Siyani jumboyo. Ndikufuna mundinyamulire katundu kuseri kwa mgolo wamadzi uwo. Sakulumani, ndikhulupirireni."

Chimphona anayang'ana tizilomboto, anayang'ana a Sajeni, kenaka anaweramitsa mutu n'kutuluka. Anthu anamva mgolo ukukhwekhwerezedwa. Posakhalitsa anabwerera atafungatira chinthu chokulungidwa ndi nsalu yamaluwamaluwa, pamwamba chili chophimbidwa ndi pulasitiki kuopa mvula. Anachiika patebulo mofatsa ngati khanda. Telala anavundukula nsaluyo, n'kugwira pakamwa.

"Makinawa sanapite kutali," anatero a Sajeni. "Sakanadutsa pagalasi la Wometa, ndiye anawasungitsa pamalo amene msewu wonse umaopa kupondapo. Koma awa si mavu. Ndi ntchentche, sizingalume ngakhale khanda." Anatembenuka. "Bambo amagetsi, tamasulani chalacho tione mbola."

"Aa, a Sajeni, chilonda chikapitidwa mphepo..."

"Masulani, bambo a ana," anatero mkazi wake, mawu ali pansipansi.

Tepi inamatuka pang'onopang'ono. Chala sichinali chofiira kapena chotupa ngati cholumidwa. Chikhadabo chinali chakuda bii, magazi ataundana m'kati.

"Mavu a masiku ano akuyenda ndi hamala?" anafunsa Wometa.

Wamagetsi anakhala pamulu wa nsalu. Anafotokoza yekha, osakakamizidwa. Mpiringidzo wa chitseko chakuseri anausolola m'mawa, Telala ali kalikiliki kuyeza makasitomala. Masana analowera kuseri, n'kumasula mutuwo. Ankati Wometa akaweruka, iye adzabwera kudzautenga. Koma poutsitsa kuseri kwa mgolo unamupana chala, ndipo anakuwa asanaganize. Atatuluka n'kupeza Wometa akufunsa, bodza linali litamudikirira kale pakamwa.

"Sindimafuna kugulitsa, alamu, Mulungu akundiona. Mayi a kunyumbawa amalira makina amenewa. Likafika tsiku limene amayi anatisiya, salankhula, sadya. Amayi anawalonjeza iwowa ali m'chipatala. Ndinati ndikangowaika pabalaza, nkhani tidzakambirana pambuyo."

"Ndinakutumani?" anafunsa mkazi wake. "Ndinakutumani kuti mundichititse manyazi pamaso pa msewu wonse?"

"Za makina n'za pabanja," anatero a Sajeni. "Mwini shopu akafuna kudandaula, ndikutengani, akapanda kufuna, zili kwa iye. Koma ine changa ndi china. Munthu uyu wakhala padzuwa masana onse, nsapato zopanda zingwe, anthu akumuloza zala. Inu munali pomwepo, mukudziwa zoona zake, muli chete. Ndikanakhala wapolisi waulesi, bwenzi pano ali m'chitolokosi."

Wometa anayamba kupukuta lumo limene linali loyera kale.

Wamagetsi anadzuka n'kukagwada patsogolo pa Chimphona. "Alamu, ndakulakwirani. Nditamva akutchula dzina lanu ndinafuna kulankhula, koma pakamwa panauma. Ndilibe chodzikanira."

Chimphona anayang'ana chala chakudacho.

"Chalacho chikupweteka?"

"Kwambiri."

"Chabwino," anatero Chimphona, n'kumudzutsa ndi dzanja limodzi.

Anthu anaphulika kuseka, ndipo mpweya unabwerera m'shopumo. Wometa naye anayandikira, akukanda kumutu. "Achimwene, ine ndinangonena za thumba. Komabe mubwere mawa, ndikumeteni ulere."

Aphunzitsi anamukoka malaya. "Nanga za ntchentchezi, mungasunge pakamwa?"

"Ine? Ngati manda, Aphunzitsi!"

Mkuluyo anapumira m'mwamba. "Tomato wanga wapita."

* * *

A Sajeni anabalalitsa gulu n'kutseka chitseko, kuti banja litsale lokha. Telala anakana kudandaula. Anati sangamangitse bambo wa ana a mng'ono wake kenaka n'kumadzawayang'ana anawo kumaso. Koma atangotero anatembenukira mng'ono wakeyo, ndipo nkhani imene inakhala ikufuka chisiyireni maliro inayaka.

"Iwe, ngati amayi anakulonjeza, bwanji sunandiuze?"

"Ndikanakuuzani bwanji, achemwali? Maliro asanathe n'komwe munali mutawanyamula kale."

"Ndimadyera pomwepa ine! Iwe uli pantchito."

"Sindimafuna kudyerapo. Ndimangofuna kumawamva akulira. Ndinkagona pansi pa tebulo limeneli amayi akusoka, mwaiwala?"

"Ndiye ndiwadule pakati?"

Anapitiriza choncho, wina akulira, wina akuloza chala, Wamagetsi ali pakona atanyamula chala chake ngati kandulo. A Sajeni anakhala pampando wa makasitomala osalowererapo. Ndewu ya pachibale yofika pamenepa ankaidziwa, imafunika ituluke yonse ngati mafinya.

Pakati pa phokosolo panayamba kumveka phokoso lina. Tyaka tyaka tyaka tyaka.

Onse anacheuka. Palibe anaona nthawi imene Chimphona anabwezera mutu patebulo, kumanga mabawuti ndi kukoleka lamba. Tsopano anali atakhala pakampando ka Telala, mawondo akugunda kunsi kwa tebulo, phazi lake lalikulu likuyendetsa chopondera mofewa. Anasoka kansalu koyesera, anaima, anakatembenuza n'kuona kuti ulusi wapansi ukukolana. Anatulutsa bobini ya ulusiwo, anaikonza ndi chikhadabo, anaibwezera, n'kusokanso. Kenaka anadula ulusi ndi mano n'kupereka kansaluko kwa Telala.

"Sanawonongeke."

Telala anakayang'ana kutsogolo ndi kumbuyo. Anakakoka mbali zonse. Mzere unali wowongoka ngati wolemba ndi rula.

"Achimwene, zimenezi munaphunzira kuti?"

"Konkuja. Ndinkasoka mayunifolomu a akaidi. Kenaka a asilikali a ndende omwe."

"Nthawi yonseyi mukukankha wilibala? Bwanji osanena?"

Chimphona anayang'ana manja ake. "Za kumeneko palibe anandifunsapo."

Alongo ake awiriwo anayang'anana. Wamng'onoyo anakoka kabenchi n'kukhala pafupi ndi tebulo, mutu atautsamiritsa pakhoma. Telala anapukuta maso ndi mkono, anapita pashelefu, n'kutenga diresi la buluu lodula kale, lolumikiza ndi mapini, la nsalu yodula imene sankalola munthu wina kuikhudza. Analiika patsogolo pa mchimwene wake.

"Mwini wake akubwera mawa m'mawa," anatero. "Muyambe ndi kusoka manja ake."